MBIRI YA MALUNGO A ANA AANG'ONO

Mwa matenda onse amene asautsa anthu a m'dziko la Zambia ndi maiko oyandikana nalo, palibe nthenda ina imene yadzaza manda a ana monga malungo. Nkhondo za Angoni ndi za ogula akapolo zinadza nizitha. Nthomba inali kufika caka cina nikhala zaka zambiri osaonekanso. Njala nayonso inali ndi nyengo zace. Koma malungo sanacoke pamudzi ngakhale caka cimodzi. Munthu wamkulu akagwidwa nao anali kugona masiku awiri kapena atatu, nadzuka kunka kumunda. Mwana woyamba kumene kuyenda ndiye anali kudwala mwezi uno, kucira, ndi kudwalanso mwezi wa mawa, kufikira thupi lace litafooka, ndipo ambiri otere sanafike pa msinkhu wakuweta mbuzi. Nkhani ino ilongosola m'mene anthu anaganizira za kutentha thupi kwa anaku, m'mene cinsinsi cace cinaululikira, ndi cifukwa cace panapita zaka zambiri nzeru itapezeka, mwana wa kumudzi asanapindule nayo.

Maganizo a makolo akale

Liu lakuti malungo ndi lakale kopambana zipatala zonse. Pakuchula liuli makolo sanali kunena nthenda imodzi yokha iai, koma kuphwanya konse kwa m'thupi kumene kumadza ndi kuzizidwa, litsipa ndi kutentha. Iwo anali anthu openyetsetsa. Anaona kuti malungo acuruka m'dzinja ndi poyamba pa masika, ndi kuti midzi ya m'mbali mwa madambo ndi ya m'zigwa monga ca Luangwa ibvutika koposa ya kumapiri. Cotero ena anati nthendayi idza cifukwa ca kubvumbwa ndi mvula, ena nati icokera ku misinde ndi cimanga caciwisi, pakuti zonsezi zifika pa nyengo imodzimodzi. Udzudzu anaudziwa bwino, nafukiza utsi m'nyumba kuti auingitse, koma anauyesa cinthu congosowetsa tulo.

Za mwana zinali ndi mamasuliridwe ena. Kamwana kakadwaladwala, nikaonda, nikatupa mapazi, akulu anali kufunsa ngati atate kapena amai ace sanadumphe mwambo wa m'nyumba, ndiwo mdulo kapena tsempho. Kakayamba kukomoka ndi kugwedezeka, maso atatembenuka, anali kuganiza za mfiti kapena za mizimu yokwiya, nathamangira kwa woombeza ula. Mai akapeza cinthu colimba kumanzere kwa mimba ya mwana, pansi pa nthiti, anati ndi kapamba, namtemera mphini pomwepo. Pa ici ca kapamba makolo sanaphonye, pakuti kapamba wa mwana wodwala malungo kawirikawiri amakuladi. Ndipo kwa zaka zambiri madotolo ofuna kudziwa kukula kwa malungo m'dera anali kufoletsa ana ndi kupapasa mimba zao, nawerenga a kapamba wotupa.

Kucuruka kwa imfa za ana kuoneka m'miyambo ndi m'maina. Khanda lomwalira lisanatengedwe kumphasa linali kuikidwa ndi akazi okha, popanda kulira maliro. Maina monga Mabvuto, Misozi, Maliro ndi Manda anali kupatsidwa kwa ana obadwa pambuyo pa anzao amene anatsogola. Mai woika ana awiri kapena atatu kumanda sanali kuyesedwa watsoka kopambana anzace, pakuti zotere zinali za pakhomo liri lonse.

Azungu oyamba ndi kwinini

Anthu a ku Ulaya naonso sanadziwe gwero la nthendayi. Dzina lao lakuti malaria licokera ku cinenero ca ku Italy, ndipo tanthauzo lace ndi mpweya woipa, popeza anakhulupirira kuti malungo atuluka ndi nthunzi ya m'zithaphwi. Koma iwo anali ndi mankhwala amodzi amphamvu. M'zaka za m'ma 1600 khungwa lowawa la mtengo wa cinchona, womera ku mapiri a Peru, linafika ku Ulaya, ndipo mu 1820 akatswiri awiri a ku Paris, Pelletier ndi Caventou, anaturutsa m'khungwalo mankhwala ochedwa kwinini.

David Livingstone anali kuyenda ndi mibulu yace ya kwinini wosanganiza ndi mankhwala otsegula m'mimba, ndipo cinkana anadwala malungo nthawi zosawerengeka, anakhala moyo kufikira 1873, pamene anamwalira kwa Chitambo. Anzace ambiri sanaone mwai wotere. Mu 1860 amishoni Holloway Helmore ndi Roger Price anafika ku Linyanti, kwa Sekeletu mfumu ya Amakololo, pamodzi ndi akazi ndi ana ao. Mwa Azungu 9 a pa ulendowo anafa 6, ndipo atatu mwa akufawo anali ana. Mbiri inawanda yakuti mfumu inawathira mankhwala m'cakudya. Ici cisonyeza kuti Mzungu nayenso, posowa comasulira imfa, anali kufuna munthu womloza cala. Mu January 1862 Bishopu Charles Mackenzie anafa ndi malungo pa mtsinje wa Shire, ndipo mu April caka comweco Mary Livingstone anafera ku Shupanga. Mishoni ya Livingstonia, yomangidwa pa Cape Maclear mu 1875, inasamukira ku Bandawe mu 1881, nisamukanso kukwera ku mapiri a Khondowe mu 1894, kufuna malo a malungo ocepa. Mudzi wa Azungu wa Old Drift, pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, unasiyidwa ulalo wa njanji utatha mu 1905, anthu nakamanga Livingstone pamtunda pa mcenga.

Imfa za alendowa zinalembedwa ndi maina ndi masiku ace, ndipo manda ao ambiri akali kuoneka. Koma za ana a m'midzi yozungulira manda omwewo, amene anali kufa ndi nthenda yomweyo caka ndi caka, panalibe munthu wolemba ciwerengero cao.

Cinsinsi ciululika

Mu 1880 Alphonse Laveran, dotolo wa asilikali a France ku Constantine m'dziko la Algeria, anapenya mwazi wa wodwala pa galasi lokuza zinthu, naona tizirombo tamoyo tiri kugwedezeka m'menemo. Funso linatsala lakuti timalowa bwanji m'thupi. Pa 20 August 1897 Ronald Ross, ali ku Secunderabad m'dziko la India, anapeza tiziromboto m'mimba mwa udzudzu umene unaluma munthu wa malungo. Mu 1898 Giovanni Battista Grassi ndi anzace a ku Italy anatsimikiza kuti malungo a anthu afalitsidwa ndi udzudzu wa mtundu wa Anopheles wokha.

Njira yace ndi iyi. Udzudzu waukazi, umene uluma usiku, umayamwa tizirombo kwa munthu wodwala. Timakula m'thupi mwace masiku khumi kapena kuposerapo, ndipo poluma munthu wina umamlabvulira tiziromboto pamodzi ndi malobvu ace. Timayamba kubisala m'ciwindi monga sabata imodzi, munthu osamva kanthu, kenaka timatsikira m'mwazi ndi kulowa m'timbulu tofiira. M'menemo timaswana, ndipo pakupita masiku awiri timaswa timbuluto ndi kulowa m'tina. Kusweka kumeneku ndiko kudzetsa kuzizidwa ndi kutentha. Mtundu wa tizirombo wocuruka m'Zambia, Plasmodium falciparum, ndiwo woopsa koposa yonse, cifukwa timbulu togwidwa nao timamatirira m'timitsempha ta m'ubongo ndi ta m'ziwalo zina.

Apa ndipo paoneka cifukwa cace nthendayi isankha ana. Khanda limabadwa ndi citetezo cobwereka kwa amai ace, ndipo cimalisunga miyezi yoyamba. Likafika miyezi isanu ndi umodzi citetezoco cimakhala citacepa, pamene lace la mwini lisanamere. Munthu wamkulu wa kudera la malungo analumidwa kambirimbiri, napulumuka, ndipo thupi lace linaphunzira kulimbana nao; koma kuphunzira kumeneko kucitika pa ubwana, pakati pa kukwawa ndi zaka zisanu, ndipo wosapambana pa sukulu imeneyo amapita kumanda. Mwana wodwala kawirikawiri amatha mwazi, zikhatho ndi zikope zace niziyera; safuna kudya, naonda; ndipo thupi lofookalo limagwidwa msanga ndi cibayo, kutsegula m'mimba ndi cikuku. Malungo a falciparum satsalira m'ciwindi kuti adzukenso pambuyo pace. Akabwerera kwa mwana, ndiye kuti walumidwanso, kapena mankhwala sanaphe tizirombo tonse.

Mwana ayesedwa coopsa

Munthu angaganize kuti zitadziwika izi maso onse anatembenukira kwa mwana kuti amthandize. Anatembenukiradi kwa iye, koma pa cifukwa cina. Mu 1899 bungwe la Royal Society la ku London linatuma madotolo J. W. W. Stephens ndi S. R. Christophers ku Blantyre kukafufuza za malungo, ndipo atacoka kumeneko anapita kumadzulo kwa Afirika. Mu 1900 iwo anaona kuti tizirombo tipezeka kwambiri m'mwazi wa ana aang'ono a m'midzi kopambana wa akulu. Robert Koch wa ku Germany anapeza zomwezo ku New Guinea pa nthawi yomweyo.

Uphungu umene Stephens ndi Christophers anapereka unali wakuti nyumba za Azungu zimangidwe kutali ndi za anthu akuda, kuti udzudzu woluma ana usafike kwa bwana. Maboma a atsamunda anaulandira uphunguwo mokondwa, pakuti unagwirizana ndi zimene anafuna kale, ndipo m'matauni ambiri a m'Afirika munasiyidwa dambo kapena chire pakati pa mayadi ndi komboni. Motero mwana wodwala, amene nzeru yatsopanoyi inayenera kumpulumutsa poyamba, anasanduka munthu womthawa. Kwinini analipo pa gome la Mzungu tsiku ndi tsiku. Wa kumudzi anali kumpeza pokha pokha ngati ali pafupi ndi cipatala ca mishoni kapena ca pa Boma.

Njoka ya mu Luanshya

Nkhondo yoyamba yeniyeni yolimbana ndi udzudzu m'dziko lino inayambira ku migodi ya mkuwa. Pamene mgodi wa Roan Antelope unali kutsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, anthu a nchito anali kufa kwambiri ndi malungo, malungo a mkodzo wakuda, kamwazi ndi matenda ena a madzi oipa. Mbiri inamveka kutali yakuti mu mtsinje wa Luanshya muli cinjoka cakupha anthu, ndipo amuna ambiri anali kuthawa nchito kapena kukana kulembedwa. Eni mgodi anaitana J. E. Stephenson, wochedwa Chirupula, kuti acite mwambo wopepesa mizimu pamodzi ndi akulu a Alamba, koma imfa sizinaleke.

Mu 1929 eni mgodiwo anapempha thandizo ku Ross Institute ya ku London, ndipo Sir Malcolm Watson, amene anagonjetsa malungo m'matauni ena a ku Malaya, anatsogolera nchitoyo. Anthu anagwetsa mitengo ndi bango za m'mbali mwa mtsinje, naongola njira ya madzi kuti athamange, nakumba ngalande zophwetsa madambo, nathira mafuta pa zithaphwi kuti ana a udzudzu asapume. Nchito yomweyo inacitika ku Mufulira, Nkana ndi Nchanga. Akatswiri amene anapenda mabuku a migodiyo pambuyo pace anapeza kuti m'zaka zitatu kufikira zisanu kudwala ndi kufa ndi malungo kunatsika ndi magawo 70 kufikira 95 mwa 100. Anthu a m'komboni anati njoka yasamuka, nayamba kuitana akazi ndi ana ao kuti adzakhale nao.

Cinthu ici cinatsimikiza kuti malungo angathe kugonjetsedwa m'kati mwa Afirika. Mu 1944 Boma linaika lamulo lakuononga udzudzu, lokakamiza eni malo kucotsa madzi oima, ndipo itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse nyumba za m'matauni a m'mbali mwa njanji zinayamba kupoperedwa mankhwala a DDT. Koma citetezo cimeneci cinalekezera pamene panalekezera mkuwa ndi njanji. Mwana wa ku Lundazi, wa ku Petauke kapena wa m'mbali mwa Luapula anakhalabe monga analiri m'masiku a agogo ace.

Dotolo wa ku Balovale ndi mkangano wa ku Kampala

Pa zaka zomwezo dziko lino linathandiza kuulula cinsinsi cina. Mu 1946 E. A. Beet, dotolo wa Boma ku Balovale, kumene tsopano kuchedwa Zambezi, analemba kuti anthu a timbulu ta mwazi topindika ngati zenga sapezeka ndi tizirombo ta malungo kawirikawiri monga anzao. Mu 1954 Anthony Allison, atayesa anthu ambiri kum'mawa kwa Afirika, anatsimikiza mau amenewa. Mwana wolandira mwazi wotere kwa kholo limodzi amatetezedwa ku malungo akupha. Koma woulandira kwa makolo onse awiri amabadwa ndi nthenda yosatha, imene imayamba kuoneka ali wamng'ono, ndi kutupa kwa manja ndi mapazi, kupweteka kwa mafupa, kusowa mwazi ndi kutentha thupi kobwerezabwereza. Kucuruka kwa mwazi umenewu pakati pa anthu ndi umboni wakuti malungo akhala akusankha ana okhala ndi ofa kwa mibadwo yambirimbiri.

Kumapeto kwa 1950 bungwe la World Health Organization linasonkhanitsa akatswiri a malungo ku Kampala, ndipo panabuka mkangano waukuru. Ena, monga D. Bagster Wilson wa ku Tanganyika, anaopa kuti kucepetsa malungo m'midzi popanda mphamvu yakuwathetseratu kudzalanda anthu citetezo cimene amacipeza pa ubwana, ndipo nthenda ikadzabwerera idzapha akulu ndi ana omwe. Ena, monga George Macdonald, anayankha kuti citetezoco cigulidwa ndi mitembo ya ana, ndi kuti mtengo wotere suyenera kulipidwa pamene mankhwala alipo. Msonkhanowo unagamula kuti malungo alimbanidwe nao pali ponse, koma zocitika zinali zocepa. Mu 1955, pamene maiko anapangana za kuthetsa malungo pa dziko lonse lapansi ndi DDT ndi mankhwala atsopano a kolorokwini, midzi ya Afirika wa kumwera kwa Sahara inasiyidwa pambali, kupatula malo owerengeka oyeserapo. Panganolo linalekeka mu 1969, maiko a ku Ulaya ndi ena atamasuka, koma kumene ana anali kufa koposa kusanakhudzidwe.

Ufulu, sikelo ndi kugonja kwa kolorokwini

Ufulu wa mu 1964 unabweretsa zipatala zazing'ono kumidzi yambiri. Kunafikanso nzeru ya David Morley, dotolo wa ana amene anagwira nchito ku Ilesha m'dziko la Nigeria kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Iye anati mwana wosakwana zaka zisanu asadikire kudwala, koma azibwera mwezi ndi mwezi kudzayesedwa kulemera kwace, ndipo mai azisunga yekha kadi yosonyeza makulidwe a mwanayo. Amai anaicha nchito imeneyi sikelo, ndipo pa sikelo pomwepo ana anayamba kulandira katemera wa cikuku, wa cifuwa cokoka mtima ndi wa matenda ena. Mu 1975 ku Ndola kunakhazikitsidwa malo ofufuzira matenda, ochedwa Tropical Diseases Research Centre. Kolorokwini anali wochipa, wopezeka m'sitolo iri yonse, ndipo anapulumutsa ana osawerengeka.

Koma pakati pa zaka za m'ma 1970 mtengo wa mkuwa unagwa, ndalama za Boma zinacepa, ndipo kupopera nyumba kunazirala. Pa nthawi yomweyo tizirombo tosamva kolorokwini, timene tinayamba kuoneka ku Asia ndi ku South America kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, tinapezeka kum'mawa kwa Afirika mu 1978, nitifalikira kufikira ku Zambia pa zaka zowerengeka. Tsono mai anali kumwetsa mwana mibulu monga mwa masiku onse, thupi nilizizira, koma patapita sabata ziwiri nilitenthanso. Ndipo pa kubwerera kuli konse mwazi wa mwanayo unali kuceperacepera. Kuyambira 1976 kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ciwerengero ca odwala malungo m'zipatala za Zambia cinakula monga katatu, ndipo matauni amene anaiwala nthendayi anaionanso. Pamwamba pa izi panadza Edzi ndi umphawi. Kufufuza kwa Boma kwa mu 1996 kunaonetsa kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 197 anali kufa asanakwanitse zaka zisanu.

Ku Blantyre, pa cipatala ca Queen Elizabeth, madotolo Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anadzipereka kuphunzira malungo a m'ubongo, aja amene makolo anawayesa a mfiti. Mu 1989 anafalitsa muyeso wodziwira kuya kwa kukomoka kwa mwana wosayamba kulankhula, umene uchedwa ndi dzina la mzinda wa Blantyre kufikira lero. Mu 1993 dziko la Malawi linakhala loyamba m'Afirika kusiya kolorokwini ndi kutenga Fansidar, koma pa zaka zowerengeka mankhwala awanso anayamba kufooka.

Mwana awerengedwa

Thandizo linacokera kutali. Mu 1972 Tu Youyou, mai wa ku China, ndi anzace anaturutsa mankhwala a artemisinin m'citsamba cimene asing'anga a kwao anali kucizira malungo kuyambira kale. Mu 1991 kuyesa kwa ku Gambia kunaonetsa kuti masikito onyikidwa m'mankhwala akupha udzudzu acepetsa imfa za ana. Mu April 2000 atsogoleri a maiko a m'Afirika anakomana ku Abuja, nalonjeza kucepetsa imfa za malungo ndi theka, ndipo caka comweco kupopera nyumba kunayambanso ku Chingola ndi ku Chililabombwe. Mu 2002 Zambia inakhala pakati pa maiko oyambirira m'Afirika kusankha Coartem, wopangidwa ndi artemisinin, kukhala mankhwala oyamba a malungo m'dziko lonse. Masikito anagawidwa kwaulere m'midzi ndi pa sikelo, ndipo amai apakati anayamba kumwa mankhwala oteteza.

Cinthu cacikuru pa nyengo imeneyi cinali cakuti mwana wa kumudzi anayamba kuwerengedwa. Mu 2006 anthu a Boma anayenda m'midzi ya m'zigawo zonse kuyesa mwazi wa ana osakwana zaka zisanu, napeza tizirombo mwa ana 22 pa 100 ali onse. Mu 2008 anapeza mwa 10 okha. Imfa za ana pa 1,000 zinatsika kufika pa 119 mu 2007, pa 75 mu 2014, ndi pa 61 mu 2018, cinkana kutsikako sikunadze ndi nkhondo ya malungo yokha, koma ndi akatemera ndi mankhwala a Edzi omwe. Ku Serenje, kuyambira mu 2017, anthu odzipereka a m'midzi anaphunzitsidwa kuzindikira mwana wa malungo akuru, kumuika mankhwala olowera kunjira ya cimbudzi pamene sangathe kumeza, ndi kumnyamula pa njinga ya ngolo kunka naye kucipatala. Ndipo imfa za ana otere zinacepa kwambiri. Mu April 2019 ana a ku Malawi anakhala oyamba kulandira pa sikelo katemera wa malungo wochedwa RTS,S, ndipo bungwe la WHO linaubvomereza mu 2021, nilibvomerezanso waciwiri, R21, mu 2023.

Si kutentha konse kuli malungo

Monga makolo anasonkhanitsa matenda ambiri pansi pa liu limodzi, zipatala nazonso kwa zaka zambiri zinali kupatsa mankhwala a malungo mwana ali yense wotentha thupi. Mu 2010 WHO inalangiza kuti mwazi uziyesedwa poyamba, popeza kunapezeka kacipangizo kosonyeza yankho pa mphindi 15 kapena 20 ndi kadontho kamodzi ka pa cala. Pamenepo kunaoneka poyera kuti ana ambiri otentha thupi alibe tizirombo ta malungo konse. Ena ali ndi cimfine, cimene mwana wamng'ono, ngakhale wamphamvu, amadwala kangapo pa caka ndi kucira yekha. Ena ali ndi cibayo, mafinya m'khutu, zironda za kukhosi, nthenda ya m'njira ya mkodzo, cifuwa cacikuru, kapena nthenda ija ya timbulu topindika. Mwana wa cibayo womwetsedwa mankhwala a malungo angafe mankhwalawo ali m'mimba. Cifukwa ca ici katemera wa cibayo ndi wa kutsegula m'mimba, amene anayamba kuperekedwa m'Zambia yonse mu 2013, ali mbali ya mbiri yomweyi.

Mdani wakaleyu sanagonje. Mu 2010 malungo a ana anakweranso ku Luapula, ku Northern ndi ku Eastern Province, ndipo colinga ca Boma cakuwathetsa pofika 2021 sicinakwaniritsidwe. Udzudzu wa m'madera ambiri waphunzira kupirira mankhwala a m'masikito, ndipo ku Rwanda ndi ku Uganda kwaoneka tizirombo timene artemisinin acedwa kutipha. Mu 2023, monga mwa ciwerengero ca WHO, anthu okwana 597,000 anafa ndi malungo pa dziko lapansi. Pafupifupi onse anali a m'Afirika, ndipo atatu mwa anai ali onse a iwo anali ana osakwana zaka zisanu. Zimene zinacitika kupopera nyumba kutalekeka m'zaka za m'ma 1970 zicenjeza kuti malungo abwerera msanga pamene ndalama ndi khama zicepa.

Komabe mai wa lero ali ndi zimene agogo ace analibe. Adziwa kuti mwana ayenera kugona m'masikito usiku uli wonse, m'dzinja ndi m'malimwe momwe. Adziwa kuti thupi likatentha, mwazi uyenera kuyesedwa tsiku lomwelo, ndi kuti mankhwala a malungo amwedwa kasanu ndi kamodzi pa masiku atatu kufikira atatha, angakhale mwana ayambe kusewera pa tsiku laciwiri. Adziwanso zizindikiro zosayenera kugona nazo m'nyumba: kukomoka, kukana bere kapena madzi, kusanza ciri conse, tulo tosadzutsika, kupuma kofulumira, ndi kuyera kwa zikhatho. Akale anati m'mera mpoyamba. Pa malungo a falciparum mwana wosewera m'mawa angathe kukomoka dzuwa lisanalowe la mawa lace, ndipo kawirikawiri cimene cilekanitsa wocira ndi womwalira ndi kutalika kwa njira ya kucipatala, ndi ora limene amai ndi atate anyamuka.